Mutu 5: Hatchi Imene Nachangu Anagwira

1. Malaya achinayi

Malaya atatu anali atasokedwa kale, atapachikidwa pa msomali kuseri kwa makina. Anali obiriwira, ndipo pathumba lililonse panali kahatchi koyera. Achinayi anali adakali nsalu yopinda pa tebulo.

Mayi ake a Nachangu anali telala. Kalabu ya chesi ya achinyamata inawapatsa ntchito yosoka malaya a timu yopita ku mpikisano waukulu wa mumzinda. Timuyo inkafuna anthu anayi, ndipo atatu anali atapezeka kale. Mpando wotsalawo ankaulimbirana anthu awiri, mwana wawoyo ndi mnyamata wina amene anzake ankamutcha Chidodo. Awiriwa ankayenera kukumana pa bolodi Loweruka.

Dzina loti Nachangu anamupatsa ndi anzake a ku kalabu, chifukwa ankasewera ngati basi ikumusiya. Mnzake asanachotse n'komwe chala pa wotchi yowerengera nthawi ya osewera, iye wasuntha kale. Ndipo ankapambana, pamenepo tisanamizane. Vuto linali lakuti mwini wakeyo ankadziwa bwino kwambiri kuti amapambana.

"Amayi, ingodulani nsaluyo," anatero tsiku lina atabwera kusukulu, chikwama chidakali kumsana. "Muyezo wanga mumaudziwa. Mukudikira chiyani?"

"Ndikudikira Loweruka."

"Loweruka latha kale limenelo. Chidodo ndamumaliza m'mutu muno. Ngakhale titalepherana, mpando ndi wanga, poti ndili patsogolo ndi mapointi. Koma zolepheranazo si zanga ayi. N'za amantha."

Mayi aja anachotsa mapini amene anali ataluma, n'kuwabaya pa kapilo. Akatero ndiye kuti nkhani ndi yaitali.

"Tamvera, mwanangawe. Ntchito ino ndinayamba iwe usanabadwe, koma sizasi sinandimverepo chisoni ngakhale tsiku limodzi. Ukasoka molakwika umamasula ulusi. Ukalemba molakwika ndi choko umafufuta. Koma ukadula, basi wadula. Sungapite kwa mwini nsalu n'kukanena kuti pepani, dzanja linathamanga. Mnyamata uja ndi wa mapewa aakulu, iwe ndiwe kamunthu kochepa thupi. Ndikadula muyezo wako, iye n'kupambana, avala chiyani mwana wa eni ake? Sindikunena kuti sudziwa kusewera. Umadziwa, ndipo ine ndimanyadira. Koma dzanja lakolo limafika maso asanafike. Ndimaliona ukamatsuka makapu, ndimaliona ukamalemba homuweki. Tsiku lina lidzakupalamulira, ndipo tsiku limenelo usadzakane kuti ndi lako."

"Ndamva, Amayi," anatero Nachangu, maso ali kale pakhomo. Sanamve kanthu mwanayo.

2. Kakatoni ka a Bwanji

Kalabuyo inkakumana m'kachipinda ka kuseri kwa laibulale. Munali matebulo a miyendo yosafanana, mabenchi, ndowa ya madzi akumwa pakona, ndi mawotchi a mabatani awiri amene ana ankawagwira mwaulemu kuposa mafoni a makolo awo. Pa bolodi ina msilikali mmodzi anasowa kalekale, ndipo m'malo mwake munkaima chitsekerero cha botolo.

Wophunzitsa anali bambo wina wamagalasi okhuthala, amene kale ankaphunzitsa masamu. Pamaso pawo ana ankati a Kochi. Akatembenuka ankati a Bwanji.

Dzinalo linachokera pa kaphunzitsidwe kawo. Anali ndi buku lalikulu la masewero a m'mipikisano, mmene munalembedwa kusuntha kulikonse kwa akatswiri. Mwana aliyense ankapatsidwa kakatoni kodula ngati rula. Ukamabwereza masewero a m'bukumo pa bolodi, unkaphimba mzere wotsatira ndi kakatoniko, n'kuyamba wanena wekha kuti iwe ukanasuntha chiyani. Ukanena, a Kochi ankakuweramira n'kufunsa liwu limodzi lokha: "Bwanji?" Ukapereka chifukwa, m'pamene unkaloledwa kutsitsa kakatoni n'kuona zimene katswiri anachita.

Nachangu kakatoni kake kanasanduka chokupizira mphepo. Iye ankatsegula kumapeto kwa buku, kumene kunali masewero aafupi, a misampha, amene munthu amagonja asanakhazikike bwino pa mpando. Amenewo ankawaloweza ngati nyimbo.

Lachitatu a Kochi anamupeza atazunguliridwa ndi ana aang'ono, akuwaonetsa zimene wakonzera Chidodo.

"Chidodo amayamba chimodzimodzi masiku onse," ankatero mapisi akulira khwakhwakhwa pa bolodi. "Ine apa, iye apa. Ine apa, iye apa. Kenako hatchi yanga ikudya msilikali wapakatiyu. Imeneyo ndi nyambo. Iye akangosusuka, bishopu wanga akutsetsereka mu msewu uwu, cheki, kenako chekimeti, mfumu yake yagwidwa. Aweruke akathandize kunyumba."

Ana anaseka. A Kochi sanaseke.

"Bwanji hatchi ikudya pamenepo?"

"Ndi mmene anasewerera katswiri wa m'bukuyu, a Kochi."

"Sindinafunse kuti anasewera ndani. Ndati bwanji?"

"Chifukwa zimagwira ntchito."

A Kochi anavula magalasi, n'kukhala pa benchi moyang'anizana naye.

"Mwana iwe, mutu uli nawo wabwino, mwina woposa onse amene ndaphunzitsapo m'chipinda chino. N'chifukwa chake ndikukuuza mosapita m'mbali. Kuloweza si kuphunzira. Katswiri wa m'bukuyo anasuntha hatchi chifukwa anayang'ana bolodi yake, pa tsiku lake, n'kuona kuti msewu wa bishopu ndi wotseguka. Iwe ukusuntha chifukwa choti unaona iye akusuntha. Nanga mnzako akasintha kanthu kamodzi kokha? Bukuli silidzakhala nawe pa tebulo. Ndipo kumpikisano kuli lamulo limene ulidziwa: wagwira, wasuntha. Ukagwira pisi yako, uyenera kuyendetsa yomweyo. Ukagwira ya mnzako, uyenera kuidya ngati ikudyeka. Lamulo limeneli silidalira kuti woyang'anira wakuona kapena ayi. M'holo mumakhala mabolodi ambiri, maso a woyang'anira ndi awiri. Chesi imakhalapo chifukwa anthu amadziletsa okha. Ndiye ngati dzanja likukuvuta, ulikhalire. Ndikunenetsa, uziika manja pansi pa ntchafu mpaka mutu utamaliza ntchito yake."

Ana ena anayesa kukhalira manja n'kumagwedezeka ngati abakha, ndipo Nachangu naye anaphulika kuseka.

Kusekako kunamudyetsa ntchito. A Kochi anatsegula pakati pa buku, pa masewero aatali odzaza masamba awiri, n'kumubwezera kakatoni kake m'manja. Anati sachoka mpaka awamalize.

Anawamaliza, koma milomo ili chuu. Kumapeto kwake wosewera wina anatsala ndi mfumu yokhayokha. Mnzake anali ndi mfumu, bishopu, ndi msilikali mmodzi wa m'mphepete mwa bolodi. Mfumu yosauka ija inangoliyatsa liwiro mpaka pakona, n'kukhala phee.

"Taonani wamanthayu," anatero Nachangu. "Akubisala."

"Bwanji wasankha kona imeneyo, osati inayo?"

Nachangu anayang'ana monyinyirika, kenako anayang'anitsitsa. Msilikali akafika kumapeto kwa bolodi amasanduka mfumukazi, ndipo wa m'mphepete uja malo ake osandukira anali pakona pomwepo. Kabokosi ka pakonapo kanali kakuda. Bishopu amayenda m'mabokosi a mtundu umodzi moyo wake wonse, ndipo uyu anali wa m'mabokosi oyera.

"Bishopuyu sangaponde pakonapo," anayankha. "Ndiye palibe woichotsa mfumuyo. Alepherana."

"Wakhoza. Pita kwanu."

Anapita akung'ung'udza kuti madzulo onse amuthera pa masewero amene palibe anapambana.

3. Dzanja lipalamula

Loweruka kachipinda kaja kanadzaza. Mabolodi ena ankaseweredwanso, koma maso ambiri anali pa tebulo la pafupi ndi zenera. A Kochi anathamangitsira oonerera onse panja kuti asasokoneze, ndipo iwo okha ndiwo ankayendayenda pakati pa matebulo.

Chidodo anali mnyamata wamtali, wofatsa, wa fomu folo. Asanasunthe kanthu ankayamba wapukuta manja pa buluku, kuyang'ana kumanzere kwa bolodi, kuyang'ana kumanja, ngati munthu wowoloka msewu. Chaka chimenecho chinali chake chomaliza kusewera m'gulu la achinyamata, ndipo anali asanapitepo mumzinda ndi timu.

Anapatsana moni wa m'manja. Nachangu anali ndi mapisi oyera, choncho ndiye anayamba.

Zonse zinkayenda ngati mmene analowezera. Iye apa, Chidodo apa. Iye apa, Chidodo apa. Mtsikanayo mpaka anayamba kugwedeza mwendo, n'kumatsinzinira diso anzake amene ankasuzumira pakhomo patali.

Itafika nthawi ya msampha, Chidodo anaganiza nthawi yaitali zedi. Nachangu anatopa n'kumawerenga malata a denga. Kenako anamva wotchi kuti tapu. Chidodo anali wasuntha, ndipo anadzuka kupita ku ndowa kukamwa madzi.

Dzanja la Nachangu silinadikire. Linanyamula hatchi, zala zina n'kutola msilikali wakuda wapakati uja. Maso anafika pambuyo.

Chidodo sanasunthe zimene amasuntha masiku onse. Anali atakankha kamsilikali kena kabokosi kamodzi kokha, ndipo kamsilikaliko kanaima pakatikati pa msewu wa bishopu. Msewu unali wotsekeka. Nyambo ija tsopano inali mphatso chabe: hatchi yathunthu kuisinthanitsa ndi msilikali mmodzi.

Nachangu anayang'ana ku ndowa, Chidodo anali atamufulatira, kapu ili kukamwa. Anayang'ana a Kochi, anali ataweramira bolodi ina kumapeto kwa chipinda, akuweruza ana awiri amene ankakangana. A pakhomo aja anali atatchingidwa ndi msana wa a Kochiwo. Panalibe amene anaona.

Kubweza mapisi awiriwo kunali kosavuta. Dzanja lomwelo linayamba kale kutsika, msilikali wakuda uja n'kukhudza kabokosi kake.

Nachangu anachita mantha, ndipo anachitanso manyazi. Mantha anali a malaya obiriwira amene ankaoneka kuti akupita. Manyazi anali oti dzanjalo linali lake, ndipo mawu a mayi ake anamubwerera onse, ngakhale ankayesa kuti sanawamve.

Anachotsa msilikali uja pa bolodi, n'kumuika pambali. Anakhazika hatchi pamalo pake. Anadina wotchi.

Chidodo atabwerera anayang'ana bolodi, n'kuyang'ana Nachangu, n'kuyang'ananso bolodi. Anapukuta manja pa buluku, anafufuza ngati pali chinyengo china chobisika, ndipo atapeza kuti palibe, anadya hatchi ija mwaulemu wake wonse.

4. Kukhalira manja

Apa m'pamene ana a pakhomo anaona chinthu chimene anakamba sabata yonse. Nachangu anakweza ntchafu, n'kulowetsa manja onse awiri pansi.

Ankati akaganiza kusuntha, milomo inkagwedera pang'ono ngati akuyankha munthu. Kenako ankatulutsa dzanja limodzi, kusuntha, kudina wotchi, n'kulibwezera kundende kwake. Wotchi yake, imene masiku onse inkangokhala ngati yakufa, tsiku limenelo inagwira ntchito.

Kupambana kunali kutachoka, zimenezo anazivomereza. Chimene chinatsala ndi chija ankati n'cha amantha.

Chidodo ankasewera bwino. Munthu akakhala patsogolo amasinthanitsa mapisi akuluakulu kuti bolodi ipepuke, ndipo iye anachita zomwezo. Mafumukazi anachoka, nsanja zinachoka. Koma Nachangu naye anali ndi ntchito yake. Paliponse pamene msilikali wake akanatha kudyana ndi msilikali wakuda, ankadyanitsa. Mmodzimmodzi asilikali a Chidodo ankatha.

Patapita nthawi mabolodi ena onse anali atamaliza, ndipo a Kochi analola ana kulowa, bola atseke pakamwa. Pa bolodi panatsala zochepa. Chidodo anali ndi mfumu, bishopu, ndi msilikali mmodzi wa m'mphepete. Nachangu anali ndi mfumu ndi msilikali mmodzi, amene mfumu yakuda inkamulondola kuti imudye.

Aliyense ankayembekeza kuti ateteza msilikali wakeyo, poti ndiye chuma chokha chimene anatsala nacho. Dzanja linatuluka, linalendewera pamwamba pa bolodi osakhudza kanthu, kenako linabwerera pansi pa ntchafu. Anayang'ana bishopu wa Chidodo: anali pa kabokosi koyera. Anayang'ana kona imene msilikali wa m'mphepete ankalowera: inali yakuda.

Anasiya msilikali wake kuti adyedwe, mfumu yake n'kuyamba ulendo wa kukona.

"Akuthawa," kanatero kamtsikana kena monong'ona. A Kochi anangokayang'ana pamwamba pa magalasi, ndipo kanameza mawu otsalawo.

Mfumu yoyera inafika pakona msilikali wakuda adakali m'njira. Chidodo anabweretsa mfumu yake, anabweretsa bishopu, anayesa uku, anayesa uko. Mfumu ya Nachangu inkangotuluka kabokosi kamodzi n'kubwereranso, ngati munthu wosesa pakhomo pake. Pomaliza mnyamatayo anakankha msilikali mpaka pamphuno pa mfumuyo. Mfumu yoyera inalibe kopita, komanso sinali pa cheki, panalibe choiopseza pamene inaimapo. Malamulo amati zikatero masewero atha, mwalepherana.

Chidodo anagwira chipumi. Kenako anatambasula dzanja, ndipo Nachangu anachita kulisolola lake pansi pa ntchafu, litachita dzanzi.

5. Funso la a Kochi

Pa kalabupo panali mwambo woti masewero akatha, osewera awiriwo amawabwereza pamodzi kuyambira poyamba, a Kochi ali pomwepo. Nachangu masiku onse ankazemba, ati wopambana alibe chophunzira. Tsiku limeneli ndiye anayamba kuimika mapisi.

Atafika pa hatchi paja, a Kochi anaika chala pa bolodi.

"Bwanji unadya apa? Msewu wa bishopu unali utatsekeka. Sunaone?"

"Ndinaona mochedwa, a Kochi. Ndinali nditagwira kale, hatchi ndi msilikali yemwe."

"Anakuona ndani?"

"Palibe."

Ana anadikira funso lotsatira, limene aliyense ankalidziwa. Koma a Kochi anangovula magalasi n'kumawapukuta ndi kansalu nthawi yaitali, ngakhale sanali akuda.

"Mpando wachinayi ndi wako," anatero kwa Nachangu. "Ndipo ndikupita nawe mumzinda mtima uli m'malo."

Chidodo anapeza Nachangu panja, mtsikanayo akumanga zingwe za nsapato. Maso a mnyamatayo anali ofiira, ndipo Nachangu zinamukhudza.

"Pepa," anatero Nachangu. "Ndikudziwa kuti chinali chaka chako chomaliza."

"Usapepese. Ndinali ndi hatchi yaulere, ndalephera ndekha kuigwiritsa ntchito. Masewero a kukona aja nanenso ndinawabwerezapo, koma ndawakumbukira mfumu yako itafika kale." Anaseka pang'ono mowawidwa. "Ukanabweza mapisi aja sindikanadziwa, ukudziwa?"

"Ndikudziwa."

"Ndiye nane ndikuuze kanthu, usapite mumzinda uli m'tulo. Kamsilikali kaja sindinakaganize ndekha. Anandionetsa ndi msuweni wanga, amene amasewera m'timu ya mumzinda. Paja masewero a makalabu onse amatumizidwa pa gulu la pa foni. Iye ako anawabwereza onse, ndipo msampha uliwonse anaupeza tsamba lake m'buku. Akuti ukangochotsedwa pa zoloweza, umagwa wekha. Amakhala pa bolodi yachinayi, ndiye akukudikira iweyo."

Nachangu anabwerera m'kachipinda muja, n'kupempha a Kochi kuti amubwereke buku lalikulu lija mpaka Lolemba. Anapemphanso kakatoni katsopano, poti kake kanali katafewa ndi kukupiza.

Atafika kunyumba anapeza mayi ake akupondaponda makina. Anaima pakhomo, buku lili kukhwapa.

"Talepherana, Amayi. Mpando ndi wanga."

"Si paja zolepherana n'za amantha?"

"Ndinalankhula mothamanga."

Anawafotokozera zonse, za hatchi, za ndowa ya madzi, za msana wa a Kochi. Mayi aja anamvetsera makina ataima. Atamaliza, anamukokera pafupi n'kumugwira dzanja lamanja lija, kulitembenuza uku ndi uku ngati akuyesa nsalu.

"Ndiye sunalikane," anatero. "Lero wandisangalatsa kuposa ukanapambana. Taima bwino ndikuyeze."

Anamuzunguliza tepi m'mapewa, m'chifuwa, m'mikono, n'kulemba ndi choko pa nsalu yobiriwira ija. Atanyamula sizasi, Nachangu anawagwira mkono.

"Tayezaninso kaye, Amayi."

Mayi aja anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya epuloni, koma anayezanso. Kenako sizasi inalowa mu nsalu.

Nachangu anasuntha mapini ndi zidutswa za nsalu kumapeto kwa tebulo, n'kuyala bolodi yake. Sanatsegule kumapeto kwa buku. Anatsegula tsamba loyamba, anaphimba mzere wachiwiri ndi kakatoni, n'kukhalira manja. Mumzinda munali munthu amene ankadziwa misampha yake yonse, ndipo Nachangu analibe msampha watsopano ngakhale umodzi.